Malenzi a makamera akale auka ku Kande: mavenda musagulitse ngati zitsulo

Inu anzanga ogulitsa katundu wa kaunjika pamsika wa Tsoka ku Lilongwe, ku Limbe, ku Ndirande kapena ku Zigwagwa ku Mzuzu, taimani kaye ndikunong'onezeni. Kamera yakale ya filimu ija mwaiunjika pamodzi ndi marimoti akufa, machaja oduka ndi mawotchi opanda mivi, mwina ndiyo katundu wodula kuposa zonse zili pamphasapo. Kamerayo payokha ikhoza kukhala yakufa, inde. Koma diso lake lija, limene ojambula amalitcha lenzi, silifa msanga, ndipo lero likugwira ntchito pa makamera a dijito. Amene akudziwa zimenezi akutola malenziwa pamtengo wa kabichi, inu n'kumathokoza kuti mwachotsa zinyalala.

Nkhaniyi ndaiyesa ndi manja anga kwa masiku angapo ku Kande, m'boma la Nkhata Bay. Kwa amene simunafikeko, Kande ali pamsewu wa M5 wa m'mbali mwa nyanja, ukadutsa Dwangwa usanafike pa Chintheche. Ndi kwawo kwa Atonga, kwa kondowole ndi usipa, kumene bambo umamuitana kuti ada ndipo mayi ndi ama. Kugombe kuli mchenga woyera mbee, kachilumba katakhala patsogolo pake, ndipo zimagalimoto zonyamula azungu oyendayenda pakati pa Nairobi ndi Cape Town zakhala zikuima pamenepa kwa zaka zambiri.

Mwina mufunsa kuti bwanji Kande, osati Blantyre kumene kuli masitolo? Chifukwa chake n'chakuti anthu a dera lino anayamba kalekale kupita kunja kukagwira ntchito. Sukulu za mishoni ya Livingstonia, imene Dr Robert Laws anaisamutsira ku Bandawe mu 1881, zinatulutsa makalaliki ndi akapitawo amene anabalalikira ku Salisbury, Bulawayo mpaka Johannesburg. Clements Kadalie, amene anayambitsa bungwe la apantchito la ICU ku Cape Town mu 1919, anali mwana wa kuno, wa m'mudzi wa Chifira pafupi ndi Bandawe. Ngakhale pamene TEBA inasiya kulemba Amalawi mu 1988, msewu wa ku Joni sunamere udzu. Obwerako ankatsika basi ndi masutikesi, njinga, wailesi, ena kamera ili lende pakhosi. Makamera oterowo ena akadali m'mabokosi achitsulo kunsi kwa bedi, pamodzi ndi jekete la malemu ndi makalata akale. Akatuluka m'menemo, njira yake ndi imodzi: amathera pamphasa panu.

Chinanso, akuluakulunu mukukumbukira wojambula zithunzi wa panjinga uja. Ankafika patchalitchi kapena pasukulu, anthu n'kupereka dipoziti, iye n'kudikira kuti filimu ya zithunzi 36 idzadze, kenako n'kupita nayo ku Mzuzu kukatsukitsa. Chithunzi chimabwera patatha masabata, nthawi zina mutu utadulidwa, koma munthu umachilandira ndi manja awiri. Ntchito imeneyo inaphedwa ndi foni. Ngakhale Kodak, kampani imene injiniya wake Steven Sasson anapanga kamera yoyamba ya dijito mu 1975, inagwa mphwayi n'kulengeza kuti yalephera kubweza ngongole mu 2012. Lero anyamata ambiri akufuna kubwerera m'ntchitoyi, chifukwa paukwati, pachinkhoswe ndi pamwambo wotsiriza maphunziro anthu amafunabe chithunzi choposa cha foni. Vuto ndi mtengo. Katunduyu amagulidwa ndi madola, ndipo kwacha itagwetsedwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, lenzi yatsopano yabwino inasanduka maloto. Mnyamata amatha kukwanitsa kamera yogwiritsidwapo kale ntchito, koma lenzi n'kumukanika. Apa ndi pamene pakulowera lenzi ya agogo.

Ine ndinanyamula kamera ya Sony yakaunjika ndi lenzi yolembedwa Helios-44-2, ya 58mm. Lenzi imeneyi inkapangidwa ku Soviet Union ndipo inkabwera pa makamera a Zenit, aja olemera ngati njerwa. Anatengera mapangidwe a lenzi ya ku Germany yotchedwa Biotar ya kampani ya Carl Zeiss, n'kuipanga m'mamiliyoni. Kwa zaka zambiri inkaonedwa ngati ya amphawi. Ndiye tamverani izi: pojambula filimu yaikulu ya Dune: Part Two, imene inatuluka mu 2024, katswiri wa kamera Greig Fraser anagwiritsako ntchito magalasi a malenzi akale a ku Soviet Union omwewa, atawaveka zikhokho zatsopano ku kampani ya IronGlass ya ku Ukraine. Anthu a ndalama zankhaninkhani akusakasaka chinthu chimene ife tikutchingira chitseko!

Kodi zikutheka bwanji kuti chinthu cha m'nthawi ya Kamuzu chilumikizike ku makina a lero? Chinsinsi chagona pa kampata. Lenzi iliyonse anaipanga kuti izikhala patali mwakutimwakuti ndi filimu, apo ayi chithunzi chimatuluka chambuu. Pa malenzi ochita kupotokola ngati chivindikiro cha botolo, amene amatchedwa M42, mpatawo ndi mamilimita 45 ndi theka. Makamera akale anali onenepa chifukwa m'kati mwake munali kalilole wotembenuka. Kuyambira mu 2008, pamene Panasonic inatulutsa G1, kunabwera makamera opanda kalilole, amene amatchedwa mirrorless, ndipo Sony inatsatira mu 2010. Amenewa ndi opyapyala: pa Sony mpata wochokera pakamwa pa kamera kufika pa sensa, kamene kalowa m'malo mwa filimu, ndi mamilimita 18 okha. Ndiye kuti pakutsala mamilimita pafupifupi 27. Adaputa ndi kamkombero kachitsulo kobowoka kongodzaza mpata umenewo basi. Mulibe galasi, mulibe batire, mulibe waya. Inu ogulitsa zamagetsi mukudziwa kale nkhaniyi: ketulo ya ku Joni ya pulagi ya mano obulungira simuitaya, mumangoipezera adaputa yolowa m'soketi ya kuno.

Lamulo lake ndi limodzi, ndipo venda amene waligwira sadzabwezeredwa katundu. Lenzi yofuna mpata wautali ikhoza kukhala pa kamera ya mpata waufupi, koma zosiyana ndi zimenezo sizitheka. N'chifukwa chake makamera opanda kalilole a Sony, Fujifilm, Panasonic ndi Olympus amalandira pafupifupi lenzi yakale iliyonse. Makamera a dijito okhala ndi kalilole, amene ndiwo ambiri m'manja mwa ojambula maukwati kuno, ndi osankha. Canon EOS, ya mpata wa mamilimita 44, imalandira M42 ndi malenzi a Nikon, koma chodabwitsa imakana abale ake enieni, malenzi akale a Canon olembedwa FD, chifukwa kampaniyo inasintha kamwa la makamera ake mu 1987. Imakananso a Minolta olembedwa MD. Alipo maadaputa okhala ndi kagalasi m'kati okakamizira ukwati umenewu, koma ambiri amaononga chithunzi, ine sindingamulimbikitse munthu. Nikon ndiye mwana wamwano: mpata wake ndi mamilimita 46 ndi theka, choncho Helios ukaiikapo ndi adaputa wamba imaona zapafupi zokha, phiri ndi bwato lakutali osazigwira. Ubwino wake Nikon sinasinthe kamwa kuchokera mu 1959 pa makamera ake a kalilole, ndiye malenzi ake akale ambiri amangolowa, kupatula ena opangidwa 1977 isanafike, amene akhoza kuthyola kachitsulo pa makamera ena ukawakakamiza. Pentax nayo malenzi ake a K, oyambira mu 1975, amalowa pa Pentax ya dijito popanda adaputa.

Ukamangirira lenzi yotere, kamera imayamba yanyanyala, ati palibe lenzi. Umalowa mu menyu n'kuilola kuti izijambula ngakhale isakuona lenzi, kenako n'kuika gudumu pa chilembo A. Zikatero kamera imadzisankhira yokha liwiro, iwe n'kutsala ndi mikombero iwiri. Wina ndi wotsegula kapena kuchepetsa kabowo kolowera kuwala, wa manambala aja 2, 2.8, 4, 5.6, 8, 11, 16. Nambala ikamakula bowo likuchepa, ndipo sitepe iliyonse ikudula kuwala ndi theka. Winawo ndi wofokasira, umaupotoza mpaka nkhope ya munthu ioneke bwino. Makamera ambiri opanda kalilole amathandiza: malo amene agwira bwino amawawalitsa ndi timizere tofiira kapena tachikasu, ndiponso ukhoza kukuza diso la munthuyo pagalasi kuti utsimikize.

Ntchito yeniyeni ndinaiona m'mamawa, asodzi akubwera kuchokera kokapha usipa usiku ndi nyali zawo, amayi atandanda ndi mabeseni kudikira kutsutsana mtengo. Ndisanajambule ndinkayamba ndapempha, chifukwa munthu ali pantchito yake si nyani wa kumalo osungira nyama. Mkulu wina wosoka ukonde pansi pa mtengo wa mango anavomera, ndipo ndinatsegula bowo lonse pa 2. Abale, chithunzicho! Makwinya a pankhope ndi ulusi wa m'manja zinaoneka chilichonse, pamene masamba ndi kuwala kwa kumbuyo zinasungunuka n'kumazungulira ngati madzi a m'chitsime ukaponyamo mwala. Kuzungulira kumeneko kwenikweni ndi chilema cha Helios, koma ndi chilema chimene anthu akuchilipira ndalama. Foni nayo imayesa kufufuta kumbuyo, koma imachita ndi nzeru za kompyuta, ndiye ikakumana ndi maso a ukonde, tsitsi la mesh kapena mphonje za duku imasokonezeka n'kudya m'mbali. Galasi lenileni silichita zimenezo.

Pali china chimene ndinachiona. Popeza kufokasa ndi dzanja kumatenga kanthawi, munthu wojambulidwa amatopa ndi kuuma thupi ngati msilikali, amayamba kuseka kapena kubwerera ku ntchito yake, ndipo chithunzi chabwino chimabadwa pamenepo. Achikulire ena ataona mkombero ukupotozedwa anakumbuka okha ojambula a kale, nkhani n'kuyambika, mpaka mayi wina anakatulutsa kamera ya Yashica ya malemu amuna awo kuti ndiione.

Koma ndisakunamizeni ngati wogulitsa mankhwala a m'basi, amene mankhwala ake amachiza mutu, chinzonono ndi ulova womwe. Lenzi yamanja ili ndi malire ake. Ana odumphira m'madzi, mahatchi aja amayenda ndi alendo pagombe la Kande, kapena gule wa malipenga ali pakati, zala sizingapikisane nazo, ndipo zithunzi zambiri zimatuluka zambuu. Ojambula akale anali ndi njira yake: chepetsa bowo lifike pa 8, ika mkombero pa mamita anayi kapena asanu, ndiye udikire munthu alowe yekha m'dera limenelo. Timanambala tija tolembedwa mbali ziwiri pamsana pa lenzi ntchito yake ndi imeneyo, timakuuza kuti kuyambira apa kufika apo zonse zigwira. Ngakhale zili choncho, mnyamata amene walandira dipoziti ya ukwati asapite ndi lenzi yamanja yokha. Mkwatibwi akamalowa m'tchalitchi sabwereza. Lenzi yodzifokasa yokha igwire za changu, yakaleyo idikire nthawi ya zithunzi zoima pamaluwa, zimene ndizo anthu amakuza n'kupachika pabalaza.

Dzuwa nalo ndi mdani. Malenzi akale ambiri alibe utoto wamphamvu woteteza kuwala ngati a lero, ndiye ukaloza kumene dzuwa likunyezimira pamadzi, chithunzi chimayera ngati wachithira phala. Mankhwala ake ndi chikhatho kapena kakatoni kopindidwa pamwamba pa lenzi, kapena kungotembenuka dzuwa likhale kumsana. Dziwaninso kuti makamera ambiri otsika mtengo ali ndi sensa yaing'ono kuposa filimu, choncho lenzi ya 50mm imaona ngati ya 75mm, ndipo pa Panasonic ndi Olympus ngati ya 100mm. Pankhope ya munthu mmodzi zimenezi n'zabwino kwambiri. Pagulu la kwaya yonse ubwerera m'mbuyo mpaka kugwera m'nyanja.

Tsiku lina masana kunatulukira nkhungu panyanja, tizilombo tija timadzuka m'madzi ngati utsi wa moto wolusa, anthu a kuno n'kumatikola ndi malichero kuti apange ndiwo. Zinthu zakutali chotero n'zosavuta, umangopotoza mkombero mpaka kumapeto, ndipo lenzi yakale ya 135mm, imene imapezeka kawirikawiri m'zikwama za makamera akalewa, imazikoka bwino. Koma nkhungu zikafika kumtunda, kapena mphepo ya mwera ikamaulutsa mchenga, usayerekeze kumasula lenzi. Kamera yopanda kalilole ukaitsegula sensa imakhala pamtunda, ndipo kachilombo kamodzi kakakhalapo kazioneka pa chithunzi chilichonse.

Tsopano tifike pa nkhani ya ndalama zanu. Yashica ya mayi uja nditaiunika ndi tochi ya foni, m'kati mwa galasi munali timizere toyera tonga ukonde wa kangaude. Chimenecho ndi chuku, chomwe chija chimagwira chimanga ndi mtedza zikasungidwa ponyowa. Nkhata Bay ndi limodzi mwa maboma olandira mvula yambiri m'dziko muno, ndipo chinyontho cha kunyanja pamodzi ndi mdima wa m'bokosi ndiwo munda wa chuku. Chikakhala chochepa m'mphepete, lenzi imajambulabe ndipo mmisiri wodziwa akhoza kuitsegula n'kupukuta. Chikakhalitsa chimadya utoto wa pagalasi, chipsera chake sichichoka. Choncho musanagule kapena kutchula mtengo, tsegulani bowo lonse, unikani tochi kuchokera kumbuyo, inu muyang'ane cha m'mbali. Fumbi lochepa lisakuopseni, silioneka pachithunzi. Choopsa ndi ukonde uja, chifunga chophimba galasi lonse, ndi zokala pagalasi lakumbuyo, chifukwa kukalika kwa kumbuyo kumaononga kuposa kwa kutsogolo. Kenako potozani mkombero wa manambala muone ngati timasamba tachitsulo tikutseka ndi kutseguka mosakakamira, topanda mafuta. Mkombero wofokasira uziyenda mofewa, osalira mchenga. Malenzi ena a M42 ali ndi kabatani ka A ndi M pambali, kaikeni pa M, apo ayi muganiza kuti bowo lafa pamene lili bwinobwino.

Mukapeza ya Pentax yolembedwa Super-Takumar 50mm 1.4 galasi lake litachita chikasu ngati tiyi wopanda mkaka, musaitaye. Ambiri mwa malenzi amenewo anasakanizamo thorium m'galasi, ndiyo imabweretsa chikasucho pakapita zaka, ndipo kuwala kwa dzuwa kumachichepetsa. Ndi lenzi imene ojambula amaifuna kwambiri. Kungoti musaiswe kapena kuipala, ndiponso poiyanika samalani, galasi lotere limasonkhanitsa dzuwa mpaka kuyatsa nsalu.

Posunga, chotsani lenzi m'kachikwama kake kachikopa, chifukwa chikopa chimasunga chinyontho. Ikani m'kontena ya pulasitiki yotseka bwino pamodzi ndi timapaketi tija ta timibulu toyera timabwera m'makatoni a nsapato ndi m'zikwama zatsopano. Inu ogulitsa nsapato mumatisesa tsiku ndi tsiku, pamene mnzanu wa benchi yachitatu akutifuna. Popukuta galasi, malaya ayi, pepala la kuchimbudzi ayi. Uzirani fumbi lichoke kaye, ndiye mupukute ndi kansalu kofewa ka magalasi a m'maso.

Mtengo ndiye musauchite kulota. Werengani zolembedwa pamkombero wakutsogolo: dzina, mamilimita, ndi nambala yotsatira 1 ndi timadontho tiwiri. Nambala imeneyo ikakhala yaing'ono, monga 1.4 kapena 1.2, lenziyo imamwa kuwala kwambiri ndipo mtengo umakwera. Maina monga Carl Zeiss, Nikkor, Takumar, Zuiko, Rokkor ndi Leica akuimitseni kaye. Malenzi akale a zoom, aja otalika ndi kufupika, ambiri alibe msika, musawaikire mtima. Lembani zonsezo pa foni, mufufuze pa eBay, ndipo muyang'ane mitengo imene katundu anagulidwadi, osati imene ogulitsa akulakalaka. Pamenepo muchotsepo, chifukwa pano si London ndipo wogula wanu ndi mnyamata wa ku Chibavi kapena ku Bangwe amene akudya za maukwati. Kunena zoona ine ndingakonde lenzi yotere ithere m'manja mwa mnyamata ameneyo pamtengo womvana, kusiyana n'kuti itengedwe ndi mlendo wodutsa amene akukuuzani kuti akungofuna chikumbutso. Mlendo akaitembenuza kawiri n'kuunika tochi, dziwani kuti akudziwa chimene wagwira.

Inunso pogula kumudzi musakhale afisi. Mayi wamasiye akakutulutsirani kamera ya malemu, muuzeni chilungamo kuti diso lake lili ndi msika. Ndipo mnyamata akabwera ndi kamera yatsopano yonyezimira, yopanda chaja, akuyang'anayang'ana kumbuyo, imeneyo si ya m'bokosi la agogo, ndi mlandu wa kupolisi.

Chimene chikusowa kwambiri m'misika yathu ndi maadaputa enieniwo. Ku Kande, pa Chintheche ngakhale pa Nkhata Bay sindinaione ndi imodzi yomwe pa benchi, yanga inachita kubwera ndi munthu wochokera ku Johannesburg. Ndi tinthu topepuka, tosaola, tosafuna magetsi, tokwana makumi angapo m'thumba la jekete. Inu amene mumapita ku Kariakoo ku Dar es Salaam, ku Joni kapena mumaitanitsa katundu ku China, poitanitsa mutchule maina awiri, la lenzi ndi la kamera: M42 kupita ku Sony E, M42 kupita ku Canon EOS, Pentax K kupita ku Sony E, Nikon F kupita ku Canon EOS, Canon FD ndi Minolta MD kupita ku Sony E kapena Fujifilm X. Ya M42 musankhe yokhala ndi kamlomo m'kati kokankha kapini ka kumbuyo kwa lenzi, chifukwa pa malenzi opanda kabatani ka A ndi M, popanda kamlomoko bowo silitseka.